Tisanagulenso Sitima Ina

Chigawo chathu cha Tete chilibe gombe la nyanja yamchere. Munthu wa ku Ulónguè, ku Tsangano kapena ku Furancungo angathe kubadwa, kulima mbatata ndi fodya mpaka imvi mbuu, osaonapo mafunde a ku Beira. N'chifukwa chake wailesi ikayamba kukamba zokonzanso gulu la asilikali, zogula maboti olondera ndi zomanga malo okhomera sitima, ambiri kuno amangopitiriza kutong'ola chimanga, amati zimenezo n'za ku Maputo ndi ku Pemba. Ine sindivomera. Sitima zimene dziko lino linagula kale tinazilipira tonse, wa kugombe ndi wa kumtunda yemwe, ndipo anyamata amene amavala yunifolomu n'kupita kumpoto amachokera m'midzi ngati yathu yomweyi. Mozambique ikufunikadi asilikali a pamadzi amphamvu. Chimene ndikukana n'choti mphamvuyo ingagulidwe yathunthu kunja, n'kungofika padoko itapakidwa kale penti.

Tikumbutsane mmene zinayendera, poti ana amene akulembetsa usilikali masiku ano anali ku pulayimale pamene zinkachitika. Mu 2013 ndi 2014, nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, kunabadwa makampani atatu a boma. ProIndicus inati idzalondera gombe n'kumalipiritsa makampani a gasi chifukwa cha chitetezocho, ndipo inakongola madola 622 miliyoni. EMATUM inati idzapha nsomba za tuna, inakongola 850 miliyoni. Yachitatu, MAM, inalonjeza kumanga malo okonzera ndi kukhomera sitima ku Maputo ndi ku Pemba, inakongola 535 miliyoni. Zonse pamodzi zinapitirira pang'ono madola 2 biliyoni, zochokera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Nduna ya zachuma ya nthawiyo, Manuel Chang, inasaina kuti makampaniwo akalephera kubweza boma ndilo lidzabweze, koma Nyumba ya Malamulo sinafunsidwe monga malamulo amanenera. Ndalamazo sizinagone n'komwe m'thumba la boma. Zinachoka kubanki n'kupita kwa wogulitsa, kampani ya Privinvest, ndipo malo ake okhomera sitima a ku Cherbourg, ku France, anapanga maboti 24 ophera nsomba ndi 6 olondera.

Mabotiwo anabweradi. Amene anafikako ku doko la asodzi ku Maputo zaka zimenezo anawaona atandandalikana, atamangidwa zingwe, ambiri osapita kunyanja, dzimbiri likutsika m'mbali mwawo. Mu Epulo 2016 zinaululika kuti kupatula ya EMATUM kunali ngongole zina zimene zinabisidwa. Bungwe loona za chuma pa dziko lonse la IMF linaimitsa thandizo, mayiko amene ankathandiza bajeti ya boma anatseka dzanja, ndipo metikali inagwa. Chaka chimenecho chinayamba dola ikugulidwa ndi mametikali osakwana 50, koma chisanathe inali itayandikira 80.

Apa ndi pamene nkhani ya kunyanja inakwera mapiri n'kufika kwathu ku Angónia. Inali nyengo yogula feteleza. Ndimakumbukira amayi anga ataima pakhomo pa sitolo ku Ulónguè, akumasula mfundo ya pansonga ya nsalu yawo, n'kuwerenga ndalama za mbatata zimene anasunga kuyambira pokolola. Anawerenga, n'kuwerenganso. Mtengo umene anamva sabata yapitayo sunalinso womwewo. Wogulitsa anawafotokozera mwaulemu kuti katundu amagulidwa ndi dola, ndipo dola yakwera chifukwa cha ngongole ya sitima. Amayi anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, "Mwanawe, sitima zakezo zili kuti? Zanyamula chiyani?" Anagula theka la zimene anakonza kugula, ndipo chaka chimenecho mbali ina ya munda inangobzalidwa popanda chothira. Bungwe la Centro de Integridade Pública, pamodzi ndi anzawo ofufuza a ku Norway, linawerengera mu 2021 kuti anthu pafupifupi 2 miliyoni analowa mu umphawi chifukwa cha ngongole zimenezi. Ine ndikamva nambala imeneyo ndimaona zala za amayi pa mfundo ija.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Ofufuza a kampani ya Kroll anapeza mu 2017 kuti madola 500 miliyoni sankadziwika kumene analowera, komanso kuti katundu anakwezedwa mtengo ndi madola oposa 700 miliyoni. Mlandu unazengedwa m'tenti m'bwalo la ndende ya ku Machava kuyambira Ogasiti 2021, tonse tikuonera pa kanema, ndipo mu Disembala 2022 woweruza Efigénio Baptista anagamula zaka 12 kwa mwana wa pulezidenti wakale, Ndambi Guebuza, ndi kwa akuluakulu awiri a ukazitape, Gregório Leão ndi António Carlos do Rosário. Chang anagwidwa ku Johannesburg mu Disembala 2018 ndipo khoti la ku New York linamupeza wolakwa mu 2024.

Anthu akamakamba nkhaniyi amakonda kuima pa ziphuphu, ndipo m'pake. Koma pali bala lina limene silikambidwa mokwanira, ndilo la MAM. Mwa makampani atatu aja, imeneyi ndiyo inali ndi ganizo lolondola papepala. Dziko lokhala ndi gombe la makilomita oposa 2,400 liyenera kukhala ndi malo ake otulutsira sitima m'madzi, kuzipala, kuziwotcherera, kuzimasula injini. Ndalama zinakongoledwa m'dzina la ntchito imeneyo, koma ntchitoyo sinaime monga analonjezera. Ndiye tinatsala ndi ngongole, maboti opanda powakonzera, ndi chinthu china choipa: mawu akuti "kumanga malo okhomera sitima" anadetsedwa, moti lero munthu akangowatchula anzake amayamba kuyang'anizana.

Komatu kusowa kwake n'kwenikweni, ndipo tinakuona ndi magazi. Pa 5 Okutobala 2017 zigawenga zinaukira Mocímboa da Praia, ku Cabo Delgado. Mu Ogasiti 2020 zinalanda doko la tauniyo n'kukhalamo chaka chathunthu. Zinkayenda ndi mabwato m'zilumba za m'mbali mwa gombe, kunyamula anthu, chakudya ndi zida. Pa 24 Malichi 2021 zinalowa mu Palma, pafupi ndi ntchito yaikulu ya gasi ya TotalEnergies ku Afungi, ndipo anthu ochuluka amene anapulumukira panyanja ananyamulidwa ndi mabwato a asodzi ndi sitima za makampani kupita ku Pemba. Doko la Mocímboa linabwerera m'manja mwa boma mu Ogasiti 2021, asilikali a ku Rwanda atafika. Dziko limene linali litakongola madola 2 biliyoni m'dzina loteteza gombe linapezeka likudalira ena pa gombe lomwelo. Panyanja yomweyo pamadutsa mankhwala osokoneza bongo ochokera ku Asia, ndipo sitima zakunja zimakokolola nsomba usiku popanda chilolezo. Choncho amene amati tisiyiretu nkhani ya sitima sindigwirizana nawo. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo mayi wothawa ku Palma ndi mwana kumsana sasiyana ndi amayi athu amene anawoloka malire kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu zaka za nkhondo zija.

Chimene ndinaphunzira chokhudza sitima sindinachiphunzire kunyanja yamchere. Ife a ku Tete tili ndi madzi athu. Damu la Cahora Bassa, limene linatha kumangidwa mu 1974 pafupi ndi Songo, linatseka Zambezi n'kupanga nyanja yotalika makilomita oposa 200, kulowera ku Zumbo, kumalire a Zambia ndi Zimbabwe. M'nyanjamo muli kapenta, kansomba kamene kanachokera ku nyanja ya Tanganyika, kanaikidwa ku Kariba, n'kutsika ndi mtsinje mpaka kwathu. Kapenta amaphedwa usiku ndi maboti achitsulo ooneka ngati thandala loyandama pa migolo iwiri italiitali. Pamwamba pamakhala injini, jenereta, ndi mkono wachitsulo umene umatsitsa ukonde wozungulira. Amayatsa getsi pamwamba pa madzi ndi lina pansi, nsomba zimasonkhana pa kuwalako, kenako amakweza ukonde. Kukacha amazithira mchere n'kuziyanika pa mathandala, ndipo ndi zomwe timagula pamsika wa Kwachena mu mzinda wa Tete ndi m'misika ya kumapiri kwathu.

Amalume anga ndi owotcherera zitsulo, ndipo akhala zaka zambiri akukonza maboti amenewa cha ku Chicoa. Nditapita kukawaona ndinawapeza atagona chagada pansi pa mgolo wa boti limene analikokera kumtunda, kukutentha kwa kuchigwa kuja kumene ife a kumapiri sitikuzolowera. Anali ndi kanyundo m'manja. Amagogoda chitsulo pang'onopang'ono, akusuntha chikhatho chimodzi chimodzi, khutu lili tcheru. Pena chimalira bwino, pena chimalira mogonthera, ndipo pamenepo amalembapo ndi choko. Pamene alemba m'pamene dzimbiri ladya mkati ngakhale penti ikuonekabe yabwino. Akadula n'kuikapo chigamba, amapopera mpweya mumgolomo, mnyamata wawo n'kumapaka madzi a sopo pa msoko wonse. Pakatuluka thovu ngakhale laling'ono ngati diso la nkhuku, ntchito ibwerezedwe. Ndodo zowotcherera amazisunga m'chitini chotseka bwino, chifukwa zikamwa chinyezi msoko umatuluka wa timabowo.

Ndinawafunsa za maboti a ku Maputo aja. Anadzuka, n'kukweza galasi lawo pamphumi, nati, "Mphwanga, chitsulo chikakhala pamadzi chimadyeka tsiku lililonse, chigwire ntchito chisagwire. Kuno madzi ndi opanda mchere koma taona mmene achitafunira. Nanga kunyanja yamchereko? Wogula boti osafunsa kuti adzalikonza ndani, ameneyo wagula dzimbiri."

Mawu amenewo ali ndi zambiri mkati mwake. Sitima ya panyanja yamchere imafuna kutulutsidwa m'madzi nthawi ndi nthawi kuti ipalidwe tinkhono ndi ndere zomera pansi pake, ipakidwe penti yapadera, isinthidwe timapale ta zinki timene timaikidwa dala kuti tidyeke m'malo mwa thupi la sitimayo. Injini ili ndi maola ake osinthira oilo ndi mafyuluta. Pamafunika wodziwa magetsi, wodziwa radar ndi wailesi, wosunga sitolo ya masipeyala amene amaitanitsa chinthu chisanathe. Ndiponso maboti olondera amene tinagula aja si a chitsulo wamba chimene amalume amachidziwa. Atatu othamanga kwambiri, a mtundu wa HSI 32, ndi a aluminiyamu, imene imafuna makina ena ndi mpweya wa argon powotcherera. Atatu enawo, a Ocean Eagle 43, ali ndi matupi atatu opangidwa ndi ulusi womatidwa ndi mankhwala, ndipo chigamba chake ndi luso linanso. Tinagula zinthu zapamwamba kwambiri tisanakonze anthu oziyang'anira. Zili ngati mudzi wosonkherana kugula chigayo chachikulu kuposa zonse m'boma lonse, koma wodziwa kusintha sefa ndi malamba ali kutsidya la nyanja, ndipo kuti abwere mpaka mumutumizire ya ndege.

Anzathu a ku Malawi ali ndi chitsanzo chimene ndimachilemekeza. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Yatumikira anthu a m'mbali mwa nyanja ndi a ku Likoma zaka zoposa 70. Yakalamba, yadwaladwala, anthu amaidandaula, koma chimene chaisunga zaka zonsezi ndi malo okonzera sitima a pa Monkey Bay ndi mibadwo ya amisiri amene anaphunzitsana pomwepo. Nafenso tili ndi pogwira. Ku Metangula, kumbali yathu ya nyanja yomweyo, kuli malo a asilikali a pamadzi kuyambira nthawi ya Apwitikizi. Ku Beira kuli malo akale okonzerako sitima za asodzi. Ku Katembe kuli sukulu ya ma fuzileiro, asilikali a pamadzi omenyanso nkhondo pamtunda. Ku Songo ndi ku Tete kuli masukulu a ukachenjede ophunzitsa za magetsi, makina ndi migodi, ndipo migodi ya malasha ya ku Moatize yaphunzitsa anyamata ambiri kuwotcherera ndi kumasula injini zazikulu za dizilo. Ena mwa iwo lero ali pakhomo, makontilakiti anatha. Amenewa ndiwo mbewu ya malo okhomera sitima. Tiyambe ndi kukonza zimene tili nazo, kenako tipange maboti ang'onoang'ono a mumtsinje ndi a pa damu, amene injini yake makaniko wa ku Moatize angaimasule, kenako olondera pafupi ndi gombe. Zazikuluzo zidzabwera manja atazolowera. India inatipatsa maboti othamanga awiri mu 2019 ndi ena awiri mu 2024, ndipo tiyenera kuthokoza, koma mphatso nayonso imadyedwa ndi dzimbiri chimodzimodzi.

Za gulu lonse la asilikali, nkhani yake ndi yomweyo, kungoti m'malo mwa chitsulo muli munthu. Gulu la asilikali a dziko lino, FADM, ndi mwana wa mgwirizano wa mtendere wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992. Anagwirizana kuti pakhale asilikali 30,000, theka ochokera ku boma, theka ku Renamo, ndipo mwa onsewo a pamadzi akhale 2,000 okha. Koma anthu anali atatopa ndi mfuti. Pamene gululo linkakhazikitsidwa mu 1994, odzipereka anali pafupifupi 12,000 basi, motsogozedwa ndi akuluakulu awiri, Lagos Lidimo ndi Mateus Ngonhamo, mmodzi wa mbali iyi wina wa mbali inayo. Ena onse anasankha kulandira khasu, ndowa ndi ya basi n'kubwerera kumudzi, ndipo sindiwanena. Gulu limenelo linapangidwa kuti mtendere ugwire, kuti adani akale adyere m'mbale imodzi. Ntchito imeneyo linaigwira. Koma kwa zaka zambiri pambuyo pake silinasamalidwe, opereka thandizo sankafuna kumva za ndalama za usilikali, ndege zinaima, maboti anamira pamadoko. Nkhondo ya ku Cabo Delgado itabuka, poyamba apolisi ndiwo ankatsogolera, kenako kunabwera asilikali aganyu a Wagner a ku Russia mu 2019, a Dyck Advisory Group a ku South Africa mu 2020, ndiye a Rwanda ndi a SADC mu 2021. A SADC anachoka mu Julayi 2024. European Union inaphunzitsa magulu 11 a asilikali, makomando pafupi ndi Chimoio ndi ma fuzileiro ku Katembe. Aliyense wabwera ndi kaphunzitsidwe kake, zida zake, mawailesi ake. Kulumikiza zonsezi kuti zikhale gulu limodzi lomvana ndi ntchito imene mlendo sangatichitire.

Kumapeto kwa 2023 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la usilikali wokakamiza. Kale zinali zaka ziwiri, tsopano ndi zisanu, ndipo kwa a magulu apadera zisanu ndi chimodzi. Chifukwa chimene chinaperekedwa n'chomveka: munthu ankati akangoyamba kuidziwa ntchito nthawi yake n'kutha, ndalama zomuphunzitsira n'kupita pachabe. Pa sitima ndiye zoonekeratu, makaniko wa injini za pamadzi sapsa m'zaka ziwiri. Koma zaka zisanu ndi zambiri pa moyo wa mnyamata wa kumudzi. Mu Januwale, nthawi ya kalembera wa usilikali, mwana wa mlongo wanga atakwanitsa zaka 18 anapita kukalembetsa monga lamulo limafunira. Kulembetsa sikutanthauza kuti watengedwa, ambiri saitanidwa, koma amayi ake tulo tinawathawa. Anandiimbira foni usiku, nati, "Achimwene, zoti akaphedwe ndazisiya m'manja mwa Mulungu. Koma akabwerako wamoyo patapita zaka zisanu, anzake atakwatira, atamanga nyumba za malata, iye adzabwera ndi chiyani m'manja?"

Funso limenelo ndikanakonda litamveka kumene amakonza mapulani a usilikali. Dziko likatenga zaka zisanu za mwana wa munthu, limubwezere ndi luso lokhala ndi pepala lake: kuwotcherera, magetsi, umakaniko, unamwino, kuyendetsa boti, kumanga milatho. Pamenepo nkhani ziwirizi, ya asilikali ndi ya sitima, zimakumana. Malo okonzera sitima a asilikali akhale sukulu, ndipo wotuluka kumeneko akathe kulembedwa ntchito pa doko la Nacala, pa maboti a kapenta, kapena kutsegula shedi yake ku Ulónguè. Ndipo ali mkatimo, malipiro ake afike pa tsiku lake, chakudya chifike kumene iye ali, akavulala banja lake lidziwitsidwe ndi munthu osati ndi mphekesera za pa WhatsApp. Mu 2022 nyuzipepala za ku Maputo zinalemba za mayina masauzande a asilikali osaoneka amene anapezeka pa ndandanda ya malipiro. Ndalama iliyonse yopita kwa msilikali wa papepala yachotsedwa pa mbale ya msilikali amene ali m'tchire ku Macomia.

Palinso china chimene ife a ku Tete sitingachilumphe, chifukwa nthaka yathu yaona anthu a mfuti a mitundu yonse. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete, ndipo panapita zaka 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ipepese mu 2022. Nkhondo ya zaka 16 inakhuthula midzi ya Angónia, Macanga, Tsangano ndi Mutarara, anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino n'kukakhala ku Malawi. Ine ndinali mwana, koma sindinaiwale mmene akuluakulu ankatsitsira mawu akamva nsapato zolemera kuseri kwa nyumba, osafunsa n'komwe kuti ndi a mbali iti. Ndipo si zakale zokha. Mu 2015 ndi 2016, mkangano wa boma ndi Renamo utabukanso, anthu oposa 10,000 a m'boma la Moatize, cha ku Nkondezi ndi madera ozungulira, anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, ena n'kusamutsidwira ku Luwani. Ambiri anauza mabungwe oona za ufulu wa anthu kuti nyumba ndi nkhokwe zawo zinatenthedwa ndi asilikali a boma powaganizira kuti akudyetsa a Renamo, ndipo boma linakana. Mgwirizano wa pa 6 Ogasiti 2019 wa Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade unatseka nkhondo imeneyo, ndipo msasa womaliza wa Renamo ku Gorongosa unatsekedwa mu Juni 2023. Koma mantha satsekedwa ndi siginecha. Kukonzanso asilikali kumene sikukhudza mmene msilikali amalankhulira ndi mayi wa pamsewu, kumene kulibe khoti loti wolakwira anthu wamba akayankhe, n'kosakwanira ngakhale kutabwera ndi zida zatsopano zokhazokha. Ku Cabo Delgado anthu a m'midzi akhala akuyamikira asilikali a Rwanda chifukwa cha ulemu ndi kulipira zimene agula pamsika. Zimenezo sizifuna ngongole ya kubanki.

Chikhulupiriro chimamangidwanso pa tsiku la tsoka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka, nyumba za m'mphepete zinamira, ndipo ngakhale mkulu wa boma la Tete, José Maria Mandere, anakokoloka ndi madzi ali pa ntchito yoyendera anthu. Mu Malichi 2019, nthawi ya namondwe Idai, anthu a ku Búzi anakhala masiku pa madenga ndi m'mitengo, ndipo ena mwa amene anawatsitsa anali asilikali a pamadzi a ku India ndi opulumutsa a ku South Africa. Mu Epulo 2024 bwato la asodzi lodzaza mopitirira linamira pakati pa Lunga ndi Ilha de Moçambique, anthu pafupifupi 100 n'kufa, ambiri ana. Madzi amatipha chaka ndi chaka kuposa mmene timavomerezera. Kagulu ka asilikali a pamadzi kokhazikika pa Zambezi, kokhala ndi maboti apansi pafulati, majekete oyandamitsa ndi anthu odziwa kusambira ndi kutsitsimutsa womira, kangagwire ntchito kuyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara, kulondera malire pa damu nthawi ya chilimwe ndi kutola anthu nthawi ya dzinja. Maboti otere ndi amene tingathe kupanga tokha lero lomwe, pagombe la Cahora Bassa, ndi anthu ngati amalume ndi anyamata awo. Mwana amene anatsitsidwa mumtengo ndi msilikali sadzakula akuthawa yunifolomu.

Mu Julayi 2024 khoti lalikulu la ku London linagamula mokomera Mozambique pa mlandu wake ndi Privinvest, n'kunena kuti dziko lino liyenera kulandira madola oposa 825 miliyoni. Kugamula ndi kwina, ndalama kufika m'thumba la boma ndi kwinanso. Koma kaya zifike kaya zichedwe, tsiku lidzafika limene wina adzaimenso pamaso pathu ndi zithunzi za sitima zatsopano, n'kunena kuti chitetezo cha dziko ndi chinsinsi, tisafunse zambiri. Mawu omwewo ndi amene anaphimba ngongole zija, mpaka khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, Conselho Constitucional, linadzagamula mu 2019 ndi 2020 kuti zinatengedwa mophwanya malamulo. Kumene sitima idzalondere usiku kungakhale chinsinsi, koma mtengo wake, wogulitsa wake, ndi ndalama zoisamalira chaka ndi chaka ziyenera kudutsa m'Nyumba ya Malamulo ndi ku Tribunal Administrativo, khoti lounika ndalama za boma, masana dzuwa likuswa mtengo. Aphungu amene timawasankha kuno ku Tete ali ndi mpando m'nyumba imeneyo mofanana ndi a ku Nampula ndi ku Inhambane. Asanakweze dzanja kuvomereza boti lina lililonse, apemphe kaye ndandanda ya maboti 30 a ku Cherbourg aja ndi ena onse amene tinapatsidwa: ndi angati amene injini yake ingalire mawa m'mawa, amene sangalire akusowa chiyani, ndipo ndi amisiri angati a dziko lino amene aphunzitsidwa kuwakonza kuyambira 2014.